Manja a Sipoko Atafunda

"Tamugwira dzanja mlongo wakoyo. Gwira, usaope. Limeneli ndi dzanja la munthu wamoyo?"

Amayi ake a Sipoko ankalankhula ndi mwana wawo wamkazi, koma maso awo anali pa mpongozi wawo, Njiwa. Mpongoziyo anali ataima pakhomo la kuchipinda, kapu ya madzi kudzanja lina, kapiritsi kofiirira kudzanja linalo.

Mchemwali wa Sipoko anagwira dzanjalo n'kulisiya msanga.

"Lozizira ngati chule, achimwene. Alamu, inu mumagona ndi munthu kapena ndi botolo la madzi?"

Anaseka yekha. Sipoko anali pampando, akumanga zingwe za nsapato zomwe anali atamanga kale. Anali wokonza njinga, wamtali ndi woonda, n'chifukwa chake makasitomala anamutcha Sipoko, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka kunyumba.

"Anamwino anatiuziratu kuti manja azizizira," anatero Njiwa motsitsa mawu. "Ndi mmene mankhwalawa amagwirira ntchito, amayi."

"Anamwino. Anamwinowo ndi amene adzandiberekere mdzukulu? Mwana wanga ankakwera chitunda cha kumsika thumba lili pakaliyala, osatsika. Lero akukankha njinga yopanda kanthu, akupumira m'njira ngati nkhalamba. Iwe kukangocha uli naye pakamwa: imwani, imwani. Ukumumwetsa chiyani?"

"Zomwe zikuwasunga. Beseni lija munaliona, tsiku limene anasanza magazi. Munakalitaya ndinu."

"Amayi, ndinakufotokozerani kale," anatero Sipoko osadzutsa mutu. "Likodzo lija linandiumitsa chiwindi. Magazi ochokera m'matumbo amayenera kudutsa m'chiwindimo, koma njira yathina. Ndiye akulambalala, akudzera m'timitsempha ta kummero kuno. Timitsemphato tatupa ngati chubu chosuzumira pa tayala long'ambika. Chubu chotere suchipopa mwamphamvu. Kapiritsika kamauza mtima kuti uzipopa pang'onopang'ono. Basi."

"Iwe si njinga. Ndipo kumjigo sakukamba za chubu. Akuti mwana wanga anagwa mumpapaya. Amanena ine ndili pomwepo, chidebe chili pamutu. Mvula yagwa kawiri chikwatirane chanu, pabwalo pano sipanayanikidwe thewera."

Ngakhale mchemwali uja sanaseke. Sipoko anaimirira, anatola kapiritsi m'dzanja la mkazi wake, anameza, n'kutuluka osatsanzika. Onse atatu anamvetsera tcheni cha njinga chikulira pang'onopang'ono pamene ankaikankha kulowera kumsewu.

Njiwa anali ndi chizolowezi chimene sankauza munthu. Namwino anamuphunzitsa kugwira pamkono kuti azimva kugunda kwa mtima wa mwamuna wake, koma iye ankakonda khutu. Kukamacha, kuwala kukungoyamba kulowa m'ming'alu ya zenera, ankaika mutu pachifuwa cha Sipoko n'kumvetsera. Mtimawo unkayenda mosafulumira, ngati munthu amene akubwerera kwawo ndipo akudziwa kuti chitseko achipeza chotsegula. Namwino anali atanena kuti ukamayenda chonchi ndiye kuti mankhwala akugwira.

"Ukumva chiyani mmenemo?" anafunsa Sipoko m'mawa wotsatira.

"Ukuti muzidya, mwaonda."

"Sukuti ukanakwatiwa ndi mwamuna wathunthu?"

"Ndinakwatiwa ndi amene anandiboolera dala chubu kuti ndibwerenso mawa lake. Mukuganiza kuti kamsomali kaja sindinakaone?"

Sipoko anaseka, koma kusekako kunathera panjira.

"Amayi sakunama, Njiwa. Chiyambire mankhwalawa ndili ngati mlongo wako. Ndimakuona ukupesa tsitsi, mtima umafuna, thupi lili duu."

"Ndiye tikawauze anamwino. Mwina ali ndi ena."

"Namwino uja ndi msinkhu wa mchemwali wanga. Chitseko cha chipinda chake sichitsekeka, ndipo pabenchi panja pamakhala anthu omwe ndimawamatira machubu. Ndikanene pamenepo? Dzuwa lisanalowe nkhani ikhala ili pamsika."

"Ili kale pamsika."

"Ili pamsika ngati mphekesera. Ndikainena ndekha ikhala yoona."

"Ine ndikudikira. Sindikupita kulikonse."

"Iwe ukudikira," anatero Sipoko akuyang'ana kudenga. "Enawa sakudikira."

Sabata imeneyo isanathe, zinthu zinasintha pakhomopo. Sipoko anasiya kunyinyirika ndi kapiritsi. Ankakalandira akumwetulira, n'kukaponya m'kamwa, n'kumwa madzi, kenako n'kulowera kuseri kwa khola la mbuzi, kumene kunali nyumba ya amayi ake. Ankapita kukawadzutsa. Sankakhalitsako, ndipo ankatuluka akupukuta pakamwa. Njiwa anadabwa, chifukwa kale ankangowakuwira moni ali kale pamsewu.

Amayi nawo anasintha. Anabwera ndi mazira m'mbale. Tsiku lina anathamangira kukamutula Njiwa mtolo wa nkhuni, n'kumuuza kuti mkazi wamng'ono asamanyamule zolemera. Njiwa anaganiza kuti mayi ndi mwana akambirana, ndipo anathokoza chamumtima.

Lamlungu lina masana mvula inawatsekera m'nyumba. Inkagunda malata mwakuti munthu sakanamva mnzake. Njiwa anaima pazenera akuonerera madzi akusefukira m'ndowa, nkhuku zitaunjikana pansi pa ngolo, dziko lonse litasanduka utsi woyera. Sipoko anabwera kumbuyo kwake n'kumugwira m'mapewa. Njiwa anadzidzimuka. Manjawo anali ofunda. Anali manja omwe aja a masiku a kamsomali, onunkhira mphira ndi sopo, manja omwe ankaganiza kuti sadzabweranso.

Mvula itakata, Njiwa anaika khutu pamalo pake pa nthawi zonse. Mtima unkathamanga ngati mbuzi yoduka chingwe.

"Ukuthamanga," ananong'ona.

"Ukuuthamangitsa ndiwe."

"Koma anamwino anati..."

"Anamwino sanakuone mmene unaimira pazenera paja."

Njiwa anabwezera khutu pachifuwapo. Kodi si iye amene ankamuikira kapiritsi m'dzanja m'mawa uliwonse? Kodi sankaona kholingo likukwera n'kutsika? Kuyambira ali mtsikana ankakhulupirira kuti chikondi chili ndi mphamvu zimene achipatala sazidziwa. Funso linagogoda mumtima mwake, iye analiuza kuti lidikire panja.

Masabata otsatira anali okoma kuposa onse a ukwati wawo. Sipoko anamukweza pakaliyala n'kukwera naye chitunda cha kumsika osatsika, akuliza belu dala podutsa pamjigo kuti amayi otunga madzi atembenuke.

"Alamu, botolo lija mwaliwiritsa ndi chiyani?" anafunsa mchemwali, ndipo ulendo uno onse anaseka.

Njiwa ankaimba posesa.

Kenako milomo ya Sipoko inayamba kuyera. Akaimirira ankayamba wagwira khoma. Ankakhalitsa kuchimbudzi, akabwerako n'kumati ndi m'mimba chabe, nyemba za dzulo. M'mawa wina, Njiwa akuchapa, anapeza banga pakabudula wamkati wa mwamuna wake, lakuda bii, lomata. Zovala za wokonza njinga sizisowa girisi, ndiye anangopaka sopo n'kufikisa. Banga silinachoke, sopo ndiye anatha. Anapukuta manja n'kupita kwa apongozi ake kukapempha wina.

Amayi anali kudimba. Mchemwali, amene ankaluka mnzake tsitsi pakhonde, analoza ndi chibwano.

"Onani m'kabati, alamu, pamwamba penipeni."

Sopo analipo. Kumbuyo kwake kunali kapu yamaluwa, ija yosungira alendo, yovundikiridwa ndi sosala. Alendo anali asanabwere kwa nthawi yaitali, koma kapuyo inalibe fumbi. Njiwa anaivundukula.

Munali timapiritsi tofiirira, tosuluka, tomatana. Kalikonse kanali kosungunuka mbali imodzi, ngati kanagonapo pansi pa lilime la munthu.

Girisi angafike bwanji mkati mwa chovala? Ndipo girisi sanunkha choncho. Mawu a namwino, omwe anawakankhira kutali masabata onsewa, anabwera onse pamodzi: chimbudzi chikada ngati phula, ndiye kuti magazi akudontha mkati, musadikire.

"Bwezera pomwe wayipeza."

Amayi anali pakhomo, khasu lili paphewa.

"Amayi, amabwera kudzakulavulirani m'dzanja?"

"Amabwera kudzandionetsa kuti ndi mwana womvera."

"Mukudziwa zimene mwachita?"

"Ndamubwezera umuna wake. Iweyo masabata onsewa sunadandaule. Ndimakumva ukuimba."

Njiwa anamva ngati amumenya mbama.

"Akutaya magazi mkati. Ndaona pa zovala zawo."

Amayi anatsitsa khasu pang'onopang'ono n'kulitsamiritsa kukhoma. Nkhope yawo sinadabwe, ndipo ichi n'chimene chinamuopsa Njiwa kuposa zonse.

"Ukuganiza kuti ndine chitsiru? Beseni lija ndinalinyamula ndi manja angawa. Linali lolemera. Tsiku lomwelo ndinadziwa kuti mwana uyu sadzamera imvi. Bambo ake anagona, mng'ono wake anagona. Amwe timapiritsi takoto, akhale zaka zingati? Azipumira m'njira, anthu azimuseka, mapeto ake apitebe. Apite ngati madzi otayikira pamchenga? Ayi. Asiye munthu. Ndikhale ndi nkhope yoti ndiziyang'ana."

"Anamwino anati akamamwa akhoza kukhala zaka zambiri."

"Akhoza. Ine ndatopa ndi akhoza."

"Ndiye mwasankha mwana amene kulibe, mwasiya amene alipo."

"Usandiphunzitse kukonda mwana. Sunabereke."

Mchemwali anali ataima kumbuyo kwa amayi ake, ulusi wolukira tsitsi uli m'manja, kukamwa kuli yasa. Njiwa anadutsa pakati pawo kapu ili m'manja, ndipo atafika pamsewu anayamba kuthamanga.

Malo a Sipoko anali m'mphepete mwa msewu waukulu, pansi pa kadenga ka malata akale. Panali benchi, bokosi la masipanala, ndi mawilo opachikidwa pamisomali omwe ankazungulira okha mphepo ikawomba. Anamupeza atawerama, akupopa tayala la wogulitsa mkaka, amene anakhala pabenchi akudikira. Njiwa anaika kapu ija pabokosi.

Sipoko anaiona, koma sanasiye kupopa.

"Si pano, Njiwa."

"Ndi pano. Siyani pampuyo, tiyeni kuchipatala."

"Ndimalize tayala la abambowa, mkaka wawo ungasase."

"Mumandiyang'ana m'maso mukumwa madzi opanda kanthu."

"Ndimafuna masabata ochepa chabe." Analankhula motsitsa, akupuma pakati pa mawu. "Ukangoima, ndiyambiranso kumwa. Ndinawalonjeza amayi, ndinadzilonjezanso ndekha. Unene kuti sunasangalale. Tsiku la mvula lija, unene."

"Ndinasangalala. Ndikanadziwa chimene mukuwotcha kuti manjawo afunde, ndikanasankha kuzizidwa moyo wanga wonse."

"Iwe ukanasankha. Nanga ine? Unayamba wadutsa pamjigo anthu n'kusiya kulankhula?"

"Tsiku lililonse. Mukuganiza kuti thewera losayanikidwa amafunsa inu nokha?"

Wogulitsa mkaka anakhosomola n'kuyang'ana kumsewu.

"Amisiri, ngati kunyumba kuli nkhani, ndikankha njingayi, ndibwera mawa."

"Palibe nkhani, bwana. Akazi athuwa akangoona munthu wayetsemula..."

Sanamalize. Anagwira pakhosi ngati wina wamuitana kuchokera mkati. Pampu inagwa. Anagwada, n'kugwira pansi ndi manja onse awiri, ndipo magazi anatuluka m'kamwa mwake, ambiri, ofiira, mpaka mchenga unalephera kuwamwa.

Wogulitsa mkaka ndi amene anaima pakati pa msewu n'kuimitsa lole ya njerwa. Anamugoneka Sipoko chammbali pamwamba pa njerwazo, mutu uli pamiyendo ya Njiwa. Lole inkagwedera, fumbi lofiira likuwagwera. Panjira anasanza kachiwiri. Amayi ndi mchemwali anatsatira pambuyo pa njinga za anthu.

Kuchipatala anamuthamangitsira m'chipinda cha makatani obiriwira. Anamubaya madiripi mikono yonse iwiri. Namwino uja, wa msinkhu wa mchemwali, anamuzindikira Njiwa ndipo anamukokera pambali.

"Botolo laling'onolo ndi mankhwala ofinya mitsempha ya m'mimba, kuti magazi asathamangire kuchiwindi. Tikufuna mphamvu ya magazi pamene paphulikapo itsike. Lalikululo ndi magazi. Koma akutaya msanga kuposa mmene tikuthirira. Anasiya liti kumwa?"

Njiwa anafotokoza zonse, osabisa kanthu. Anafotokozanso chifukwa chake, zomwe Sipoko anakana kunena pakhomo losatsekeka lija, ndipo anazinena pakhonde pomwe anthu ankadutsa.

Namwino anatseka maso kwa kanthawi.

"Mayi, si iwo okha amene zimawachitikira. Akanangonena. Tikanachepetsa, kapena kusintha mankhwala. Zikanakanika tikanawatumiza kuchipatala chachikulu, kumene amamanga mitsemphayo ndi timphira. Amuna ambiri amangosiya mwakachetechete, timawaonanso akubwera chonchi."

"Muwatumize tsopano."

"Sangafike. Tiyambe taletsa magaziwa."

Anamulola Njiwa kulowa dzuwa litapendeka. Sipoko anali woyera ngati pepala, maso atalowa mkati. Atamuona anayesa kumwetulira.

"Tayala lija sindinamalize."

"Mudzamaliza."

"Pampu ndaisiya pansi. Aiba."

"Asiyeni aibe."

Kunja kwa zenera mbalame zinkakangana mumtengo, ndipo kuwala kwachikasu kunagwera pabotolo la magazi, n'kulisandutsa ngati nyali.

"Njiwa, usawakwiyire amayi. Sanandikanule kukamwa. Ndinkalavula ndekha."

"Khalani chete, musunge mphamvu."

"Ndimangofuna kuti undione ngati kale."

"Sindinasiye kukuonani."

"Ndikudziwa. Ndi ineyo amene ndinasiya."

Anatembenuka ngati akufuna kukhosomola. Namwino anamukankhira Njiwa kunja, anthu ovala zoyera anathamangira mkati, ndipo chitseko chinatsekedwa.

Pakhonde panali benchi limodzi. Mchemwali anali atapita kukapereka magazi. Amayi anakhala kumapeto kwina, Njiwa kumapeto kwinako. Kuseri kwa chitseko kunkamveka mapazi ofulumira, zitsulo zogundana, ndi mawu a dokotala oitanitsa zinthu. Kenako mapaziwo anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Kenako wina anatsegula mpopi n'kuyamba kusamba m'manja, ndipo anasamba nthawi yaitali.

Dokotala anatuluka n'kunena mawu ochepa. Njiwa anaona milomo ikuyenda, koma mawuwo anamufika mochedwa, ngati ochokera kutsidya la mtsinje. Dokotala anapepesa n'kupita.

Amayi sanalire. Anaimirira, anayenda mogwira khoma mpaka pamene panali Njiwa, n'kumugwira mkono. Maso awo sanali pankhope pake, anali pamimba.

"Mwana wanga," anatero. Aka kanali koyamba kumuitana choncho. "Undiuze zoona. Mwezi uno waona?"

Njiwa anawayang'ana. Akanatha kunama. Bodza lake likanawaimiritsa mpaka maliro atatha.

"Ndaona dzulo, amayi."

Amayi anatsetsereka ndi khoma mpaka anakhala pansi, miyendo itatambalala ngati ya mwana.

"Ndiye wafera chiyani?" anafunsa, akuyang'ana simenti.

Njiwa anadikira kuti mwina adziyankha okha. Chitseko chinatseguka, ndipo namwino wina, amene sankawadziwa, anasuzumira n'kufunsa kuti mwa awiriwo mkazi wa malemu ndi uti. Njiwa anacheuka kuti aone amene akufunsidwa. Kumbuyo kwake kunalibe munthu.